Mabatire otupa a Sebastiano

Panali munthu wina kufupi ndi Ngabu, dzina lake Sebastiano, amene ankakhala chikamwini kwawo kwa mkazi wake Mariya. Amene anandiuza nkhaniyi anaona ndi maso ake, ndiye musati ndapeka.

Sebastiano ankapanga timalole toseweretsa ta mawaya ndi zitini, totengera malole onyamula nzimbe a ku Nchalo aja. Pamwamba pa kalole kalikonse ankaikapo kagetsi kachikasu kochenjeza, kophethira ndithu ngati ka lole yeniyeni. Kababu ankachotsa mu tochi yakale n'kukavundikira ndi chitsekerero cha botolo, ndipo chophethiritsa ankatenga ku getsi la kumbuyo kwa njinga. Madalaivala ankaima pamsewu kugulira ana awo.

Koma bamboyu ankakayikira aliyense womudziwa. Mnzake akangoti "tione", iye n'kuponya chiguduli pamwamba pa kalole. Amene ankamuopa kwambiri anali mlamu wake Andrea, wokonza mafoni pamsika. Ankati akufuna kumubera luso.

Iye ali kalikiliki kupinda mawaya, Mariya ankalima thonje yekha. Chaka chimenecho mapira anapsa ndi dzuwa, choncho banja lonse linkayang'ana thonjelo kuti lidye. Mariya analiunjika m'kachipinda ka malata kudikira ogula.

Tsiku lina kunabwera mlendo wa chikwama chakuda, wonena kuti akuchokera ku Marka. Anayamikira timalole tija mpaka Sebastiano mano onse pamtunda.

"Amisiri, manja muli nawo," anatero mlendoyo, "koma mabatire a tochiwa akukuchititsani manyazi. Mwana asewere pang'ono, getsi lathima. Onani awa a mafoni. Mungotchaja pa sola, basi."

Mabatirewo anali otupa ngati zitumbuwa. Mariya anawayang'ana, n'kuyang'ana mwini wake.

"Nanga atupiranji?" anafunsa.

"Kukhuta moto kumeneko, mayi. Lopyapyala ndi la njala."

"Ku Marka kwanu n'kwa ndani?"

Mlendo uja anangoseka, maso ali kumsewu. Sebastiano anagula chikwama chonse.

Mtima wa Mariya sunakhale pansi, ndipo anakaitana mchimwene wake. Andrea atangogwira batire limodzi anapukusa mutu.

"Alamu, tayani izi kutali. Batire likatupa lafa, ndipo likatenthedwa limaphulika. Ife timataya kudzala. Munthu wanuyo wachita kutola."

"Mwaona? Nsanje!" anatero Sebastiano. "Nditaye kuti mutole inu? Paja mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa."

Abale, munthu amene anakayikira mlamu wake wodya naye mbale imodzi sanafunse n'komwe dzina la wachikwama uja!

Ndipo zinayamba bwino. Timagetsi tinaphethira mwamphamvu kuposa kale, Sebastiano n'kumayenda chifuwa chili patsogolo. Koma mantha ake anakula. Andrea akangodutsa pakhomo, iye ankati wabwera kudzasuzumira. Anafuna malo otseka, ndipo pakhomo ponse chipinda cha loko chinali chimodzi chokha, cha thonje chija. Anasanja timalole take pamwamba pa thonje, n'kukoka waya kuchokera ku sola ya padenga kulumikiza ku mabatire mwachindunji. Kiyi anaika m'thumba mwake.

"Abambo a Angela, chonde chotsani zinthu zanuzo pa thonje langa," anadandaula Mariya.

"Kodi nanunso mwapangana ndi achimwene anu?" anamuyankha choncho.

Dzuwa la Seputembala kuchigwa kuno mukulidziwa, malata amachita kulira. Tsiku lina masana, Sebastiano ali kumsewu kugulitsa timalole tina, Mariya anamva fungo la pulasitiki yopsa. Kenaka anamva kuti phuu! Utsi unayamba kutuluka pansi pa chitseko. Anathamangira kuti atsegule, koma kiyi anali kumsewu m'thumba mwa mwamuna wake.

Anakuwa. Anthu anabwera ndi zidebe. Andrea ndiye anaswa chitseko ndi nkhwangwa, moto n'kumuwamba mkono wonse. Koma thonje silidikira munthu. Pamene Sebastiano ankafika thukuta lili kamukamu, munali phulusa lokhalokha ndi timawaya topindikapindika.

Anthu anafunsafunsa ku Marka, koma palibe anamudziwa mlendo uja.

Mariya sanalire. Anamugwira dzanja mwamuna wake n'kumuimika pakhomo pa chipinda chija.

"Mumaopa kuti akuberani," anatero. "Taonani, palibe wakuberani. Zonse zili pompo. Tsopano ndiuzeni, ana adya chiyani?"

Mawa lake akuchikazi anakhala pansi n'kumuuza Sebastiano kuti abwerere kwawo. Ananyamuka wapansi, atanyamula kachikwama ka zovala.

Phunziro: Kukayikira si kulakwa, koma kayikirani woyenera. Wokuchenjezani amene mumadziwa kwawo si mdani wanu; mlendo wokutamandani amene sakufuna kutchula kwawo ndiye mumufunse kawiri. Ndipo batire lotupa musalitchaje, musalisunge m'nyumba, musapatse ana. Tumizani nkhaniyi kwa abale ndi anzanu, makamaka amene ana awo amapanga magalimoto a mawaya oyaka magetsi.