Amayi Ndinu Tokisiki

"Amayi, mukudziwa kuti ndinu tokisiki?"

Mayiyo, wosoka zovala, anali chogwada, mapini ali kukamwa, akupinda m'munsi mwa diresi laukwati la mwana wake. Iye anali atangonena kuti mwamuna wodzakwatira mwana wakeyo aleke kumukalipira pagulu, ukwati usanachitike n'komwe. Basi.

Analavulira mapini m'dzanja. "Ndine chiyani?"

"Tokisiki. Ndi Chingerezi cha masiku ano," anayankha mwanayo, maso ali pafoni. "Bwenzi langa akuti pakhale mabaundale, ndiye kuti malire, pakati pa inu ndi ine."

Mnzake wa mkwatibwi, yemwe anakhala pafupi ndi makina osokera, anaseka. "Musadandaule amama, n'kayankhulidwe chabe. Kwenikweni ndi poizoni."

Poizoni! Mtima wa mayiyo unawira. Poizoni si uja amaikira makoswe kuseri kwa kabati? Bere lomwe mwanayu anayamwa mpaka kuliluma ndi mano, lero lasanduka mankhwala a makoswe?

Anaimirira, mawondo akulira.

"Unditukwane m'chiyankhulo chomwe ndinakuphunzitsa ine. Ndiyang'ane m'maso, unene kuti amayi ndinu chiphe."

Mwanayo anatsitsa foni. Maso anawathawitsira kumbali.

"Nena, iwe! Pa Chingerezi paja sunachite chibwibwi."

"Amayi, sindimatanthauza choncho ayi."

"Ndiye ukawauze abwana akowo, a mabaundalewo, akupatse mawu ena, awa akukulira." Anamugwira m'chiuno n'kumupotokola mwamphamvu. "Ima bwino! Diresi lapendekeka kumbuyoku."