Kadontho ka Pamapu

Usikuwo mayi wogwira ntchito mulaibulale anali atakiya kale chitseko pamene anaona bambo wachikulire atakhala pampando wa ofunsa.

"Mwananga, ndasochera. Tandipezereni kwathu pamapu a pakompyuta yanuyo."

Dzina la msewu bamboyo sankalidziwa. Ankangoti pali mpope wakufa, kenako geti lofiira. Mayiyo, maso ali pawotchi, anakulitsa mapu mpaka denga linaoneka. Analizindikira nthawi yomweyo. Mwana wa mayiyo anali m'tulo pansi pa denga limenelo.

"Bambo, kumenekotu ndi kwanga."

"Eya. Ndimangofuna njira."

Mayiyo atacheuka, pampando panalibe munthu. Pakompyuta, kadontho kosonyeza pamene munthu ali kanali katatuluka mulaibulale, kakutsata msewu pang'onopang'ono. Mpope uja kanali katadutsa kale.