Kuseri kwa Golo

Kutatsala mphindi makumi awiri kuti mpira uthe, a Goodwill Nkhonjera anali asanaombe m'manja ngakhale kamodzi.

Anaima pamalo pawo pa masiku onse, kumunsi kwenikweni, kuseri kwa golo, manja ali kumbuyo. Mvula ya ku Glasgow inkawaza mwa chizolowezi chake, yosanyowetsa msanga komanso yosaleka. Bwalo la Balgray linadzaza mpaka m'makwerero. Anali masewero omaliza a ligi, ndipo alendo anali Cartbank, adani awo a kutsidya kwa mtsinje. Cartbank inkatsogola ndi pointi imodzi, choncho kungolepherana kunali kokwanira kuti chikho chiwoloke mtsinje wa Clyde. Zigoli zinali chimodzi kwa chimodzi.

Lachitatu lapitalo akuluakulu a Balgray anachotsa kochi. Anali atagonja kawiri motsatizana. Anamuthokoza chifukwa cha ntchito yake yotamandika, namuonetsa geti. Wogwirizira mpandowo anali kochi wa timu ya achisodzera, munthu wosawadziwa bwino osewera akuluakulu koma wowadziwa ana ake. Loweruka m'mawa anaimbira foni Zikani, mwana wa a Nkhonjera, kuti abwere ndi nsapato zake. Kontirakiti ya Zikani inkatha mwezi womwewo, ndipo kochi wochotsedwa uja anali atamuuza kale kuti ayambe kufunsira kwina. Akapanda kuonetsa kanthu lero, za mpira zathera pomwepa.

Nkhani ya bambo ndi mwana wakeyu inkadziwika kumpingo ku Springburn. A Nkhonjera atangofika mumzindawu anakhala ku Pollokshields, kutsidya kwa mtsinje, nayamba kusapota Cartbank, ndipo munthu sasintha timu chifukwa choti wasamuka nyumba. Iwo ankafuna mwana aphunzire za magetsi. Mwana anasiya koleji nakasaina, mwa matimu onse a padziko, ku Balgray. Amayi a Mvano ankanong'onezana kuti kunyumbako mawu oti mpira satchulidwa pa tebulo. Chodabwitsa n'chakuti bamboyo sankajomba Balgray ikamasewera pakhomo. Ena ankati amapita kukadikira kuti igonje.

Pampando wa kutsogolo panali mayi Anne McCrae, amene anayamba kubwera kubwaloli ali mtsikana ndipo tsopano ankayendera ndodo. Anali pafupi moti ambulera yawo inkadonthezera pa nsapato za a Nkhonjera.

"Goodwill, akumulowetsatu mwana wanu uja," anatero mayiwo. "Wavula kale jekete."

"Ndamva, mayi."

"Ndamva basi? Anzanu akadakomoka."

"Sichinafike chokomokera."

Dzina linatchulidwa pa zokuzira mawu, molakwika, ndipo anthu analiombera m'manja molakwika momwemo. A Nkhonjera sanamuyang'ane n'komwe mwanayo.

Mpira woyamba Zikani anautaya. Wachiwiri anaterereka nawo. Kwinakwake kumtunda bambo wina anakuwa kuti am'bweze kusukulu ameneyo, ndipo masapota a Cartbank anayambitsa nyimbo yofunsa ngati Balgray ili ndi kochi wina woti ichotse Lolemba.

"Mwamumva uyo?" anafunsa mayi Anne. "Akunena mwana wanu."

"Walipira pageti. Anene."

Mayiwo anapukusa mutu, natulutsa switi m'thumba, nadya okha.

Mphindi zinatha. Woimbira anawonjezera zinayi. Anthu ena anali atayamba kale kutsika makwerero kuti akapeze basi isanadzaze, akuyenda chobwerera m'mbuyo monga amachitira anthu amene ataya mtima koma osati wonse. Kenaka Balgray inapeza kona. Goloboyi wa Cartbank anaumenya ndi zibakera, mpira unagunda bondo la munthu wina, nugwera pamene panali Zikani. Ukonde unagwedezeka.

Bwalo lonse linanyamuka. Ambulera ya mayi Anne inauluka, ndodo inagwa, iwo anakumbatira munthu wosamudziwa. Mnyamata wina wovula malaya anakweza mwendo pa kampanda kuti adumphire m'bwalo, anakumana ndi nkhope ya a Nkhonjera, naubweza mwendowo mwaulemu.

Zikani sanathamangire kwa kochi. Anazemba anzake awiri ofuna kumugwetsa, nadutsa kuseri kwa golo mpaka pamene panaima bambo ake. Anali wefuwefu, matope mpaka m'khosi. Anawagwira paphewa. Chichewa chake chinali cha mwana wobadwira kuno, cholemera lilime, ndipo ankachisungira zinthu zikuluzikulu zokha.

"Adadi. Kamodzi kokha. Tandiyang'anani."

"Bwerera. Mpira sunathe."

"Adadi."

"Ndati bwerera, angakupatse khadi."

Dzanja linachoka paphewapo. Anzake anafika nam'kokera pakati pa bwalo. Amene anali pafupi anaona zonse, ndipo panali a kumpingo awiri kapena atatu amene anali atapeza kale nkhani ya Lamulungu.

Mluzu womaliza unalira. Anthu anakhamukira kumunsi ngati madzi, ndipo a Nkhonjera anatambasula manja, pamodzi ndi alonda anzawo onse a majekete achikasu amene anazungulira bwalolo. Mlonda wa pabwalo amayang'ana anthu, mpira uli kumsana, ndipo wotembenuka saitanidwanso sabata yotsatira. A Nkhonjera atatola ndodo ija n'kuipereka, anawerama pang'ono.

"Mayi Anne, wamenya ndi mwendo uti?"