Zimbale Zitatu za Kamphepo

Mkazi wa Bambo Phee anapita kukasamba n'kusiya foni ikuyaka patebulo, pakati pa kapu ya tiyi ndi mulu wa makope a ana asukulu. Bambo Phee sanali munthu wofufuza mafoni a eni. Maso okha ndiwo anatsetsereka, ndipo anakagwera pa dzina limene ankadana nalo kuposa dzino lobooka: Kamphepo.

Dzina loti Phee analitengera kuhotela kumene anagwira ntchito zaka khumi ndi zitatu. Iye ndiye ankasankha nyimbo za m'chipinda chochezera alendo, zija zopangidwa ndi makina, za ng'oma yaulesi ndi mawu ochepa, zoti munthu amwe khofi wake osadziwa kuti nthawi yatha. Mlendo akafunsa kuti chimbale chikulirachi n'chandani, Bambo Phee ankalemba dzina pa kapepala modekha ngati dokotala. Sankabisa kuti m'tauni monse munalibe khutu loposa lake.

Kenaka kunatulukira Kamphepo. Munthuyu analibe nkhope, analibe adiresi, anali ndi tsamba chabe pa intaneti. Lamlungu lililonse ankatchulapo zimbale zitatu zoti anthu amvere, ndipo alendo anayamba kubwera ndi mayina awoawo m'manja. Mwezi wathawu bwana wa hotela anachita kunena pamaso pa operekera zakumwa kuti, "A Phee, bwanji osamangotsatira Kamphepo? Mwina khutu lanu latopa." Chowawa kwambiri chinali chakuti Bambo Phee ankazimvera mobisa zimbalezo, akufunafuna chilema, ndipo sankachipeza.

Tsono lero mdani uja anali patebulo lake lodyera.

Anatola foniyo n'kuwerenga.

"Wokondedwa, sabata ino ndakusungira zitatu. Choyamba n'cha chikuto chobiriwira: mvula pa malata, ndi gitala ya besi yoyenda ngati munthu wovula nsapato. Umvere ukusita zovala. Chachiwiri n'cha alongo awiri aja a piyano yamagetsi. Nyimbo yoyamba uidumphe, ndi yodzionetsera, koma yachinayi idzakukumbutsa munthu. Chachitatucho usamvere uli wekha."

Usamvere uli wekha! Nanga amvere ndi ndani?

Anayang'ana tsiku. Uthengawo unafika dzulo, Lachisanu, nthawi ya nkhomaliro. Dziko lonse lidikira mpaka mawa kuti liwerenge mawu amenewa, koma mkazi wake, mphunzitsi wa masamu amene sanagulepo chimbale chiyambire, amalandira zake zikadali zotentha. Bambo Phee anakweza chala m'mwamba. Lachisanu lapitalo, uthenga. Linalo, uthenga. Miyezi isanu ndi itatu yathunthu, osaphonya ngakhale sabata imene iye anagona ndi chimfine mkaziyo akumuphikira madzi a mandimu.

Mayankho a mkaziyo munalibemo ngakhale limodzi. Apa ndiye mtima unamupweteka zedi. Munthu wosalakwa safufuta zimene walemba.

Zinthu zinayamba kulumikizana zokha. Masiku ano mayiyu ankatsuka mbale akung'ung'udza tinyimbo tachilendo. Ankachedwa kusukulu ati kuchonga mayeso. Ankamwetulira yekha atayang'ana pazenera, ndipo ukamufunsa ankangoti, "Palibe." Bambo Phee anachita nsanje yoti mpaka malovu anawawa. Kumulanda alendo, iye anapirira. Kumuchotsera ulemu pamaso pa bwana, anameza. Koma kulowa m'nyumba mwake kudzera m'makutu a mkazi wake, ayi, pamenepo nyimbo ithe.

Kubafa madzi anali kuwayawaya. Anali ndi mphindi zisanu, mwina zinayi.

Anakopera nambala ija mu foni yake, akulakwitsa kawiri. Anaimirira, anakhala pansi, anaimiriranso. Mawu anali atawakonza kale: adzayamba mwaulemu, kuti munthuyo adziwe kuti akulankhula ndi mwini banja, osati mwana. Kenaka adzamuuza kuti chimbale chobiriwiracho iye anachimva kalekale, ndipo si chabwino kwenikweni. Linali bodza, koma bodza loyenera tsikulo. Akatero adzadikira mayiyo atuluke, amufunse kuti asankhe pakati pa mwamuna wake ndi mphepo.

Anadina. Kukhutu kwake kunayamba kuitana.

Nthawi yomweyo china chake chinalira m'nyumbamo, chapansipansi, ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Bambo Phee anatembenuka. Phokosolo linkachokera kuseri kwa chitseko, m'chikwama cha kusukulu cha mkazi wake.

Anachiyang'anitsitsa chikwamacho. Zafika poti munthuyo akuiwala foni yake m'chikwama cha mkazi wa mwini? Ndiye kuti dzulo anali limodzi. Ndiye kuti kuchonga mayeso kuja n'kumeneku.

Chitseko cha kubafa chinatseguka. Mkazi wake anatuluka atamanga thaulo kumutu, mapazi akusiya madzi pa simenti. Anayang'ana foni yake ili m'dzanja lamanzere la mwamuna wake, anayang'ana ina ili kukhutu, kenaka anayang'ana chikwama.

"Mayi," anatero Bambo Phee, "mundiuze lero lomwe. Foni ikulirayo ndi ya ndani?"

Mayiyo sanathamange. Anapukuta manja pa thaulo, anatsegula chikwama, n'kutulutsa kafoni kakale kong'aluka galasi, kokhala ndi fumbi la choko. Anakadina, anakaika kukhutu, maso ali pa mwamuna wake.

"Halo, Kamphepo pano," anatero, ndipo mawuwo anamveka kawiri, m'chipindamo ndi m'khutu la Bambo Phee. "Ndimalembera pa kafoni aka kusukulu pa nkhomaliro n'kudzitumizira pa foni inayo, kuti ndidzaike pa tsamba Lamlungu. Ndinayamba tsiku lija ndinakuuzani za chimbale china, inu n'kundiseka kuti ndizingowerenga masamu, za nyimbo ndisiyire eni makutu."