Phulusa la Bambo a Ndaziona

Lamulo linali lakuti nyumba iliyonse yogwiritsa ntchito magetsi a malasha izilandira phulusa lake. Madzi akaphwera m'mitsinje, mababu ankasanduka ofiira posonyeza kuti magetsi tsopano ndi a malasha, ndipo mudzi wonse unkathamangira kuzimitsa chilichonse. Nachisale yekha sankazimitsa. Amuna ake, a Lipenga, ankapumira makina oyendera magetsi, poti mapapo awo anathera kumgodi.

Loweruka lililonse lole inkakhuthula phulusalo kuseri kwa nyumba. Nachisale ankaliwaza madzi m'mawa kuti lisauluke. Mawindo anawamata ndi nyuzipepala, zovala n'kumayanika m'nyumba. Nkhuku zinasiya kuikira. Kenako mwana wawo, Ndaziona, anayamba kutsokomola.

"Mayi a Ndaziona," anatero a Lipenga tsiku lina masana, "chifuwa chimenecho ndikuchidziwa. Changa chinayamba choncho. Zimitsani."

"Mvula yayandikira, bambo. Babuli liyeranso."

"Munatero ndi chaka chatha chomwe."

Nachisale anatenga ndowa n'kupita kumjigo. Pobwerera, ali panjira, anazindikira kuti makina aja sakumveka. Anataya ndowayo n'kuthamanga. Anapeza amuna ake ali zii pampando, chingwe cha makinawo chozulidwa chili m'dzanja.

Maliro atatha, lole inabwerabe ndi phulusa la sabata yomaliza. Linali lochepa, losadzaza ngakhale lichero. Dalaivala anatsika nalo m'kathumba n'kulunjika kuseri kuja.

"Ayi achimwene, kumeneko ayi," anatero Nachisale, akutambasula chitenje chake ndi manja awiri. "Thirani muno. Umenewo ndi mpweya wawo."