Hinda Aimitsa Phunziro la Mwamuna Wake

Panali munthu wina ku Yerusalemu, mkazi dzina lake Hinda, mwana wa bambo Anshel ophika buledi. Amene anandiuza nkhaniyi ankakhala nawo msewu umodzi, ndiye musaiyese nthano.

Bambo Anshel sanapite patali ndi maphunziro, choncho ankalakalaka mkamwini wodziwa Chilamulo. Mayi wina wolumikiza maukwati atawapezera Fishel, mnyamata woloweza mabuku oyera ngati akumwa madzi, iwo anangoti basi, ndi yemweyu. Hinda atakumana naye anabwerako nkhope itagwa.

"Ababa, munthu uja sindikumufuna. Amangokamba za iye mwini. Mukanamva mmene anawakalipira mayi ake ine ndili pomwepo!"

"Iwe ukudziwa chiyani?" anatero bambo ake. "Munthu woswera pa mabuku oyera angakhale woipa? Ndi unyamata umenewo, utha."

Ukwati unachitika, koma unyamatawo sunathe. Kusunagoge Fishel ankapemphera motalika kuposa onse, maso ali tsinzi, anthu n'kumauza ana awo kuti adzakhale ngati iye. Kunyumba zinali zina. Msuzi ukachepa mchere, mbama. Mwana wawo akalira iye akuwerenga, mbama. Madzulo oyamba Sabata ankaimba nyimbo yotamanda mkazi wangwiro mokweza kuti oyandikana nawo amve, Hinda ali chikhalire ndi mlomo wotupa.

Tsiku lina Hinda ananyamula mwana n'kubwerera kwa makolo ake. Pa mwambo wa chipembedzo chawo mkazi samasuka pa ukwati mpaka mwamuna atamuika yekha m'manja kalata ya chisudzulo. Fishel anakana.

"Udzachita imvi uli mkazi wanga," anatero. "Tione amene adzakukwatire."

Akuluakulu a bwalo la chipembedzo anamuitana kangapo, koma iye ankawazunguza ndi mavesi mpaka mlandu kuimitsidwa. Zaka zinapita. Fishel anapatsidwa udindo wophunzitsa anyamata ku nyumba ya maphunziro ya a Rabi Zundel, amene anamuphunzitsa kuyambira ali mwana. Hinda anapempha kuonana ndi a Rabiwo, anamuyankha kuti adekhe, nkhani za m'banja sizifuna phuma.

M'mawa wina anamanga mpango wake bwinobwino n'kuuyamba ulendo wa ku nyumba ya maphunziro ija. Bambo ake anamutsekera pakhomo.

"Mwanawe, kumene kuja akazi salowako. Utichititsa manyazi."

"Manyazi ndawasenza ndekha nthawi yonseyi, ababa. Lero tigawana."

Anapeza chipinda chodzaza amuna, Fishel ali kutsogolo akufotokoza za mtendere wa m'banja. Hinda anadutsa pakati pa mabenchi osayang'ana kumbali. Phokoso lonse linati zii.

"Mutulutseni uyu!" anakuwa Fishel. "Wapenga!"

"Ndituluka ndikafunsa funso langa," anatero Hinda. "Kuno si kofunsira mafunso kodi?"

Anatembenukira kwa a Rabi Zundel, amene anakhala pakona, ndevu zili mbuu.

"A Rabi, munthu uyu munamuphunzitsa ndinu. Ine sindidziwa mabuku, koma dzanja lake ndimalidziwa. Khutu ili silimvanso chifukwa cha iyeyu. Ndiye ndiuzeni, mawu onse munamuthira aja anapita kuti? Chifukwa kunyumba kwathu silinafikeko ngakhale limodzi."

Mnyamata wina anaimirira kuti amutulutse. Hinda anamuyang'ana m'maso.

"Ndikhudze, uone ngati sindikuwa mpaka msika wonse ubwere muno."

Mnyamatayo anakhala pansi. Kenaka a Rabi anafunsa, "Fishel, khutu la mkaziyu unalitani?"

"A Rabi, nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri. Akale ena amati..."

"Sindinafunse akale. Ndafunsa iwe."

A Rabi anadzuka ndi ndodo yawo, anafika pamene Fishel anaima, n'kumutsekera buku limene ankaphunzitsira pamaso pa ophunzira ake.

"Ndinkanyadira mutu wako, mtima wako sindinaufunse," anatero. "Kuyambira lero palibe wophunzira nawe, ndipo palibe adzakuitane kuwerenga Chilamulo pa Sabata, mpaka utamumasula mkaziyu."

Fishel anayesa masunagoge ena, koma mbiri inkafika iye asanafike. Akakhala pa benchi, anzake ankasendera kutali. Munthu amene ankakhalira kutamandidwa analephera kupirira. Nyengo yozizira isanathe anapita yekha kubwalo kuja. Hinda anatambasula manja pamaso pa mboni, kalata ija n'kugweramo.

Potuluka Fishel anamunong'oneza, "Ndiye ndani akwatire mkazi wolowerera pakati pa amuna?"

Hinda, amene zaka zonsezi ankamutchula kuti inu, anayankha osaima n'komwe.

"Zimenezo sizikukukhudzanso, iwe."

Phunziro: Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Aphunzitsi athu amati munthu wophunzira mawu a Mulungu, m'kati mwake muzifanana ndi kunja kwake. Maphunziro amene sanafewetse dzanja ndi lilime angokhala katundu wa m'mutu. Makolo, mwana akakuuzani zimene waona, mverani. Musafunse za mkamwini kumene amapemphera kokha, kafunseninso mmene amalankhulira ndi mayi ake. Ndipo inu amene mukuuzidwa kuti mudekhe pamene mukupweteka, lankhulani. Tumizirani ena uthengawu, mwina pali Hinda wina amene akuopa kutsegula chitseko.