Kingstone Alapa Pamasipika Ake Omwe

Senderani kuno abale anga, mumve iyi. Anandiuza ndi mayi wina wogulitsa nanazi pa Chitakale, ndipo akuti zonse anaona ndi maso ake.

Panali munthu wina dzina lake Kingstone, dalaivala wa minibasi yoyenda pakati pa Chitakale ndi Muloza. Minibasi yake inkadzaza msanga kuposa zonse chifukwa cha nyimbo. Osati phokoso ayi. Ngakhale ukhale mpando wakumbuyo, unkamva ngati woimbayo wakhala pambali pako.

Amene anakonza zimenezo anali a Wyson, bambo wachikulire amene kale anali wamagetsi kufakitale ya tiyi. Makina akumeneko anawapha khutu lakumanzere. Iwo anaika m'minibasimo kabokosi kotchedwa pulosesa, kamene kamagawa mawu: besi kusipika yaikulu, mawu opyapyala ku tisipika tating'ono. Anatha masiku awiri ali ndi laputopu, akusuntha maikolofoni mpando ndi mpando, mpaka mawu anakhala bwino paliponse.

Atamaliza, Kingstone anati, "Madala, mundiikireko makonzedwe amenewa pafulashi, angadzafufutike tsiku lina."

A Wyson anamupatsa, nati, "Koma umve. Izi ndi za minibasi ino yokha. Galimoto iliyonse ili ndi mawaya ake. Usadzaike kwina."

"Ndamva, madala."

Anamva chiyani! Mwezi usanathe anayamba kulengeza pasiteji: "Ndinakonza ndekha ine. A Wyson aja ndi gonthi, besi angaimvere kuti? Ankangondigwirira mawaya."

Anthu anaseka, koma anakhulupirira. Aliyense wofuna masipika anayamba kupita kwa Kingstone. Kushedi kwa a Wyson kunatha miyezi itatu osaimako galimoto ndi imodzi yomwe.

Akazi awo, a Esteri, zinawapweteka. "Bambo, mwana uyu akukudyerani dzina, inu mungokhala duu?"

"Msiyeni," anatero a Wyson. "Fulashi ija akadali nayo, ndipo ndi wosamva. Ndikumudikira."

Kenako kunabwera a Alufeyo, eni chigayo cha kufupi ndi Mulanje Mission. Mwana wawo Millie ankakwatiwa Loweruka, ndiye anagula pulosesa ndi masipika atsopano ku Blantyre kuti galimoto yawo idzatsogolere mdipiti wa ukwati. Ntchito anapatsa Kingstone.

Lachinayi masana, Kingstone akulumikiza mawaya, a Wyson anadutsa panjinga. Anaima, nasuzumira. Anaona kuti pamalo a pulosesa pamene m'minibasi muja pamatulukira besi, apa Kingstone walumikizapo tisipika tating'ono.

"Ikuyenda ntchito, amisiri?"

"Ikuyenda, madala. Kapumeni."

A Wyson anakwera njinga yawo akuimba mluzu.

Lachisanu m'mawa achibale onse a mkwati anazungulira galimoto. Kingstone anabwereka laputopu, nathira makonzedwe a pafulashi aja m'pulosesa, nakweza nyimbo mpaka kumapeto. Besi yonse inathamangira ku tisipika tija. Kunangomveka phu! Kenako utsi ndi fungo la waya wopsa. Zii.

A Alufeyo anamugwira kolala. "Iwe, ukwati ndi mawa! Galimoto iyi ikapanda kuimba lero, ukagona kupolisi. Ndipo bwana wa minibasi yako timapemphera mpingo umodzi, usaiwale."

Kingstone anathamangira kushedi kwa a Wyson, nagwada pafumbi. "Bambo anga, ndipulumutseni."

"Lero ndasanduka bambo ako?" A Wyson sanaleke n'komwe kumwa tiyi wawo. "Tisipika tina ndili nato. Galimoto ndikonza. Koma dzina langa unaliipitsira pasiteji, ndiye ukalitsukire pasiteji pomwepo. Bweretsa minibasi."

Dzuwa lili paliwombo, nthawi imene pa Chitakale pamadzaza anthu, a Wyson anatsekula zitseko zonse za minibasi ija. Analumikiza maikolofoni, nakhala pampando wadalaivala laputopu ili pamiyendo.

"Yankhula."

Kingstone anayamba monong'ona, maso ali pansi, poganiza kuti anthu samva. A Wyson anangodina kamodzi palaputopu. Mawu anatuluka oyera, ngakhale kumeza malovu kunkamveka mpaka kumsika.

"Ine Kingstone ndinanama. Kukonza mawu sindidziwa. Minibasi iyi anakonza ndi a Wyson. Ndinawatukwana, ndipo ndawotcha masipika a ukwati."

"Aja akumwetsa mafuta pafilingi sanamve," anatero a Wyson. "Bwereza."

Anabwereza. Amayi amsika anasiya malonda, naimba nthungululu. Makondakitala ankamenya mabodi a minibasi akufuula, "Amisiri! Amisiri!" A Esteri anaima kutsogolo, manja m'chiuno.

"Kachitatu, mwana wanga," anatero a Esteri. "Miyezi inali itatu."

Kachitatuko misozi inali ikutsika.

Madzulo omwewo a Wyson anakonza galimoto ya a Alufeyo, ndipo Loweruka Millie anavina mumdipiti kuchokera ku Mission mpaka pa Chitakale. Lolemba kushedi kwa a Wyson kunali galimoto zisanu pamzere. Kingstone anakapempha bwana wake kuti amusinthe njira. Pano akuyenda ya ku Phalombe, ndipo akuti wina akangoti, "Adalaivala, tiyatsireni nyimbo," iye amayankha kuti wailesi inafa.

Phunziro: Luso la mnzako si lako, ngakhale ulinyamule m'thumba. Mmisiri akakuchenjeza, umve, ndipo amene wakuthandiza usamunyoze pagulu, chifukwa tsiku lomugwadira limafika anthu akuona. Ngati nkhaniyi yakukhudzani, chonde itumizeniko kwa mnzanu mmodzi, makamaka uja amakonda kunena kuti ndinapanga ndekha.